Timasoka nyimbo kuti ikwane oyimba ake

Bizinesi yathu ilibe shopu. Ili m'chipinda chimodzi cha nyumba yathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, momwe muli kiyibodi, laputopu ndi printa. Ine ndimasanja nyimbo za m'zisudzo komanso kuyimba piyano pa maprakatisi. Mayi a kunyumba amasunga mabuku a ndalama ndi kulondola angongole, ndipo kunena zoona ntchito yawoyo ndiye yowawa.

Agogo anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito mzinda uno ukadali Salisbury. Ine ndinakulira m'kwaya ya CCAP, kuwerenga solofa. Manoti a m'mizere isanu ndinawadziwa ndili ndi ndevu kale, nditakopeka ndi masewero a ku Reps Theatre ku Belgravia, nyumba ya zisudzo yomwe inatsegulidwa mu 1960.

Ntchito yanga ili ngati ya telala. Sukulu imabwera ndi sewero lomwe aphunzitsi alemba, nyimbo zili m'mutu mwawo basi, bandi yake anthu anayi. Ndimayamba ndamvera ana aja mmodzimmodzi. Mnyamata wa Fomu 2 yemwe mawu ayamba kukula simungamukakamize kukwera. Mumatsitsa kiyi, kenako mumaona ngati atsikana a soprano sanamire nayo. Mbali ya lipenga la B-flat imalembedwa toni imodzi pamwamba pa ya piyano, apo ayi awiriwo sagwirizana. Oyimba ndimawalembera solofa, abandi manoti a m'mizere. Osanja ambiri amadziwa chimodzi chokha mwa ziwirizi, ndipo ife timadyera pomwepo.

Mu 2008, ndalama ya ku Zimbabwe itagwa mphamvu, malipiro a m'mawa ankafika madzulo osagula ndi buledi yemwe. Kuchokera mu 2009 timatchaja madola a ku America, theka ntchito isanayambe. Lamulo limeneli ndi la mayi.

Maholo atatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tinayamba kujambula matiraki, nyimbo zojambuliratu, a soprano, alto, tenor ndi besi paokhapaokha, n'kumatumiza pa WhatsApp. Lero matirakiwo ndi omwe amalipira lendi, koma mtima wanga suli pamenepo. Tiraki siyidikira mwana amene wayiwala mawu pa siteji. Woyimba piyano amabwereza mzere uja mwakachetechete mpaka mwanayo akumbuke, makolo osadziwa kanthu. N'chifukwa chake sukulu ikagula matiraki, ndimayitsitsira mtengo wa usiku wa sewero kuti ndikakhalepo ndekha. Mayi amadandaula, koma risiti amalemba.