Suti yanga inatsikira ku Usisya

Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Durban ndiye anaponya moto m'nyumba mwathu muno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Iye ndi mwamuna wake anakwera imodzi mwa sitima zikuluzikulu za kampani ya MSC, zimene nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, zimanyamula anthu ku Durban kupita nawo ku Portuguese Island kapena ku Pomene m'dziko la Mozambique. Sapita kukagula katundu kapena kukazonda odwala ayi, amangoyenda basi, kudya, kuvina, n'kubwerera. Zithunzi zinayamba kulowa pa WhatsApp usana ndi usiku. Dziwe losambiramo pamwamba pa sitima, chonsecho nyanja yonse ili pomwepo. Mpongozi wanga atavala kabudula wamaluwamaluwa, mbale m'manja iwiri.

Amayi akunyumba anaziona zithunzizo mpaka foni kuzima, kenako anati: "Abambo, ntchito mwapuma, ana akula. Ifeyo sitima tidzakwera tili m'bokosi?"

Ndinatenga kope ndi cholembera, n'kumuimbira mwanayo kuti andiuze zoona zake. Akuti chipinda chotchipa ndi chamkati, chopanda ngakhale zenera, moti kukacha umamvera kwa anzako. Chokhala ndi zenera mtengo umakwera, chokhala ndi kakhonde koyang'ana kunyanja ndiye usafunse. Chakudya chili kale mumtengo wa tikiti, koma zakumwa, intaneti ndi kandalama ka tsiku ndi tsiku ka antchito a m'sitima, zimenezo ndi zapadera. Ndinawonjezera ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, ina yokafika ku Durban, ndi mapasipoti awiri popeza athu anatha kalekale. Zambiri mwa izi zimafuna ma rand, pamene kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama yanga yopumira ntchito inaonda isanafike n'komwe m'manja mwanga. Mpongozi analanda foni n'kuyamba kundiuza za Icon of the Seas, sitima imene inayamba kuyenda mu 2024 kuchokera ku Miami, yotalika pafupifupi mamita 365. Ndinamuuza kuti mamita amenewo ayendemo yekha.

Alamu anga, amene amagulitsa misomali ndi maloko mumsika waukulu wa Mzuzu ndipo palibe nkhani imene saidziwa, anaseka atamva. "Alamu, mukuvutikiranji ndi Durban? Sitima ili pa Nkhata Bay pompa. Kwerani Ilala mukaone Likoma, pasipoti siifunika."

Apa mtima unakhala pansi, chifukwa Ilala ndinkaidziwa bwino, ya m'buku. Ndinaphunzitsa jogalafe kusekondale mpaka imvi kumera, ndipo chaka chilichonse ndinkalembetsa ana kuti sitimayi inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Ndi yotalika mamita 52, ndipo imayenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Mwana wolemba molakwa zimenezi ndinkamudula malikisi osayang'ana nkhope. Kuikwera kokha ndiko ndinali ndisanaikwerepo.

Nayonso ili ndi malo osiyanasiyana malinga ndi thumba la munthu. Pansi penipeni ndi pa ekonome, pamene mumakhala pamodzi ndi matumba a chimanga, nkhuku, malata ndi madengu a nsomba. Pali sekondi kalasi ya mabenchi, pali makabini okhala ndi bedi, ndiye pali fesiti kalasi ya pamwamba, pabwalo popita mphepo, pomwe palinso kabala. Amayi ankafuna kabini chifukwa cha msana. Ine ndinati kabini ndi ya azungu ndi ongokwatirana kumene, anthu a msinkhu wathu timafuna mpweya wabwino. Kunena chilungamo, amene ankafuna mpweya wabwinoyo linali kope lija.

Unali mwezi wa Julaye. Amayiwa kwawo ndi ku Nkhotakota, anakulira pamchenga, ndipo anangoti: "Mwezi uno ndi wa mwera, abambo." Ine wa ku Dedza, amene madzi aakulu ndinkawaonera mumgolo, ndinawayankha kuti mwera ndi mphepo yochokera kummwera cha kummawa imene imawomba nyengo yozizira, ndipo ndinaiphunzitsa asanabadwe ana athu. Iwo anapitiriza kupinda zitenje.

Popeza mwana uja ananena kuti pa sitima yawo panali usiku wina woti aliyense atchene akajambulitse ndi kaputeni, ine ndinavala suti imene ndinasoketsa pa ukwati wake, tayi wofiira ndi nsapato zosongoka. Tinakwera minibasi pa depoti, kutsetsereka msewu wa M5, makilomita osakwana 50 tili pa Nkhata Bay. Tinagona konko titadya kondowole ndi nsomba ya batala. Alamu anali atatiuza mawu amodzi okha: "Mukangoiona padoko, kwerani, musachedwe." Mmamawa tinaipezadi ili phee padoko, yoyera, anthu ali pikitipikiti kukweza simenti ndi makatoni a sopo. Tinakwera osachedwa.

Sitima italiza lipenga n'kuyamba kuyenda, uphunzitsi unandigwira. Pamwambapo panali azungu awiri a zikwama zakumsana ndi anthu ena angapo, ndiye ndinaima pafupi ndi chitsulo chotchinga m'mbali, dzanja limodzi m'thumba, n'kuyamba kalasi. Ndinawafotokozera kuti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi koma zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene tikukachiona chinayamba kumangidwa ndi a Anglican mu 1903. Patapita nthawi ndinaloza mapiri ataliatali amene anali kudzanja lathu lamanzere, otsetsereka mpaka kugwera m'madzi, n'kunena mokweza kuti: "Amene mukuwaona apowo ndi mapiri a ku Mozambique."

Mzungu mmodzi anajambula chithunzi. Amayi akunyumba anayang'ana dzuwa, limene linali kudzanja lamanja, anandiyang'ana ine, n'kutsegula fulasiki ya tiyi.

Pamenepo mnyamata wina wovala jekete ya a zaumoyo anandiyandikira akupukusa manja mwaulemu. "Aphunzitsi! Mwandikumbuka? Munandiphunzitsa Fomu 3." Ndinasangalala kwambiri kuti azunguwo aone kuti sindine munthu wamba. Ndinamufunsa ngati nayenso akupita ku Likoma.

"Ku Likoma? Ayi aphunzitsi, ine ndikutsikira pa Ruarwe."

"Ruarwe ili kumpoto, mwana wanga."

"Eya aphunzitsi. N'kumene tikupita."

Anandifotokozera motsitsa mawu, monga mwana woleredwa bwino, kuti pa ulendo wake wa sabata Ilala imaima pa Nkhata Bay kawiri. Koyamba imakhala ikuchokera ku Likoma kupita ku Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba, kachiwiri ikubwerera kummwera, ndipo apo m'pamene wopita kuzilumba amakwera. Mapiri anga a ku Mozambique aja anali a boma la Nkhata Bay, ndipo kuseri kwake, ukangokwera pang'ono, kunali Mzuzu komwe ndinasiya nkhuku zanga. Wodula matikiti naye anatsimikiza mwaulemu kuti tikhoza kukhalabe m'sitimamo mpaka itazungulira n'kukafika ku Likoma, bola tilipire ulendo wonsewo.

Ndinatembenukira kwa amayi. "Inu mumadziwa?"

"Ndinaona titangotuluka padoko. Koma munali pakati pophunzitsa, ndiye ndinati ndisasokoneze kalasi."

Ndisanapeze choyankha, mwera unafika. Sunabwere ndi phokoso ayi. Nyanja inangoyamba kutupa kuchokera kumbuyo, sitima n'kumakwera pang'onopang'ono, kuima kaye pamwamba, kenako kutsika kwinaku ikupendekera mbali imodzi. Mimba yanga inkatsalira m'mwamba nthawi iliyonse imene sitima yatsika. Malovu anadzaza m'kamwa, thukuta lozizira linatsika m'khosi mwa shati, ndipo ndinakhala pansi penipeni, suti ndi ulemu wake womwe, nditakumbatira mwendo wa benchi.

Mkulu wina wachitonga amene ankasenda chinangwa chophika pafupi nane anaona kuti ino ndiyo nthawi yabwino yondisangalatsa. Anati dera limeneli ndi kumene nyanja ili yakuya kwambiri, mamita oposa 700. Ndinagwedeza mutu, popeza zimenezonso ndinkalembetsa. Anapitiriza kuti kutsogoloku, cha ku Chilumba, n'kumene sitima ya Vipya inamira mu Julaye 1946 kutachita namondwe, anthu 145 n'kufa. "Mwezi ngati womwe uno, aphunzitsi," anatero, n'kundipatsa chinangwa. Batala wa dzulo uja anabwerera kwawo kunyanja nthawi yomweyo, ndipo tayi wofiira anamuperekeza theka la njira.

Amayi akunyumba nthawi yonseyi anali akumwa tiyi, kapu osatayika ngakhale dontho, akucheza ndi mzungu wamkazi uja za mitengo ya zitenje.

Titafika pa Usisya ndinalengeza kuti ulendo wathera pomwepa. Pamalopa palibe doko loti sitima n'kugunda. Imaima patali, n'kutsitsa maboti ake aang'ono amene amatuta anthu ndi katundu kupita nawo kumtunda. Ndinauza amayi kuti anditsate, n'kulowa m'chipwirikiti cha pakhomo lotsikira. Botilo linkakwera ndi kutsika ndi mafunde, ndiye umayenera kudikira lifike pafupi ndi phazi lako. Ine ndinaponda pamene linali litapita. Anyamata awiri anandiwakha m'khwapa n'kundikhazika pa thumba la ufa, wina n'kundiikira mtolo wa malata pamiyendo, mayi wina n'kundipatsa tambala kuti ndimugwirire. Injini inalira. Nditakweza maso ndinaona amayi akunyumba ali pamwamba paja pomwe ndinawasiya, atatsamira chitsulo, chikwama chokhala ndi ndalama zathu zonse chili pamkono.

"Tsikani!" ndinakuwa.

"Ine ndinabwera kudzaona Likoma, abambo! Mukadyetse nkhuku!"

Boti silifika pouma. Limaima madzi ali m'chiuno, ndipo amene safuna kunyowa amaberekedwa ndi anyamata a pagombe, n'kuwapatsa kangachepe. Ndinasankha wooneka wamphamvu n'kukwera kumsana kwake, nsapato zosongoka zili lendelende, tambala ali m'khwapa. Tinayenda bwinobwino mpaka mnyamatayo anafunsa kuti ndimupatsa zingati. Ndinayankha moona kuti chikwama chatsala m'sitima. Mpaka lero sindinena kuti anachita dala, chifukwa nthawi yomweyo kunabweradi funde. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinamva kuti chubwi, ndipo nditadzuka ndikulavula mchenga, tambala anali atafika kale kumtunda, ana a pagombe akuwomba m'manja.

Foni inafera m'madzimo. M'thumba la jekete ndinapezamo ndalama zochepa zonyowa, zimene ndinaziyanika pamwala n'kuzitsindika ndi timiyala, ine nditakhala pambali ndi vesiti ndi buluku, kulondera. Mwini tambala uja, mayi wa geni ya usipa, ndiye anandimvera chisoni. Anandipezera pogona kwa achibale ake, ndipo kutacha anandilipirira malo pa lole yonyamula usipa wouma kupita ku Mzuzu. Msewu wochoka ku Usisya umakwera phiri mokhotakhota, fumbi lili koboo, ndipo ine ndinakhala pamwamba pa matumba ngati mfumu yolandidwa mudzi. Penapake lole inalephera chitunda, tonse tinatsika kukankha. Ndinalowa mu Chibavi kutada, ndikudutsa njira zakuseri, koma agalu ndi amphaka a m'dera lonse anandilandira ndi kundiperekeza mpaka pakhomo.

Amayi anabwera sitima itamaliza kuzungulira kwake, nkhope ili ngwee, atanyamula chambo chowamba. Akuti nditangotsika anakalipira kabini, popeza ndalama ya anthu awiri inali itatsalira munthu mmodzi. Anagona pabedi mpaka ku Chilumba, kubwerera, kudutsanso pa Nkhata Bay, n'kukafika ku Likoma. Tchalitchi anachiona, analowamo, anapempheramo, ndipo akuti anandipemphereranso ine. Kaputeni anakumana naye pamakwerero n'kujambulitsa naye, atavala chitenje wamba ndi mapatapata.

Alamu nditawafunsa, anati iwo ananena kuti tikwere tikaiona padoko, za kumene yaloza zinali za ine wa jogalafe. Mayi wa usipa uja anabwera kudzatenga ngongole yake Loweruka, anzanga a bawo ali pakhonde, ndipo anafotokoza nkhani yonse mwachitumbuka ndi manja omwe, mpaka kugwa kwenikweniko anakuyeserera. Kuyambira tsiku limenelo pabawo sanditchulanso aphunzitsi, amati a Kaputeni. Sutiyo yachapidwa ndi sopo wa mtundu uliwonse, komabe ndikaivala kutchalitchi anthu a benchi lathu amayamba kufunsana kuti wabwera ndi ndiwo ndani.

Tsopano amayi a chigwirizano a mpingo wathu amva kukoma, akusonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti chaka chamawa mwera ukatha apite onse ku Likoma, mtsogoleri wawo ndi amayi akunyumba. Ine andipatsa ntchito ziwiri, kuwanyamulira zikwama mpaka pa depoti ndi kuwajambulira mapu a nyanja. Mapuwo ndajambula bwino kwambiri, madoko onse alipo. Muvi woloza kumpoto wokha ndi umene amayi anaufufuta n'kuujambulanso okha, pamalo omwewo.