Sabata yomanga mlatho wopusitsa maso

Sabata ino ndinapatsidwa ntchito imodzi: mlatho woti kachidole ka m'gemu yathu ya pafoni kawolokepo, chonsecho nsonga zake sizikumana. Gemuyi ndi ya mtundu wa Monument Valley, gemu imene kampani ya ustwo ya ku London inatulutsa mu 2014.

Lolemba ndinayamba ndi kamera. Mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, ndinaiika pa orthographic kuti chakutali chisamachepe poyerekeza ndi chapafupi. Nkhani yonse yagona pamenepo. Mitanda iwiri ya mlathowo ili motalikirana, wina kutsogolo wina kumbuyo, koma kamera ikaima pamalo ake imaoneka yolumikizana. Ndi nzeru ya chithunzi chopusitsa maso cha makona atatu chimene Roger Penrose ndi bambo ake, a Lionel, anafalitsa mu 1958, ngakhale Oscar Reutersvärd wa ku Sweden anali atajambula kale zotere mu 1934.

Lachiwiri mnzanga wa mapulogalamu anakonza zoti njira izilumikizana potengera zimene zikuoneka pasikirini, osati mtunda weniweni. Kachidole kamadumpha phompho lonselo m'kuphethira kwa diso, wosewera n'kumaona ngati kangoponda sitepe imodzi.

Chimene chinatiulula Lachitatu ndi chithunzithunzi. Kachidole kakawoloka, chithunzithunzi chake chinkagwera pakhoma lina kutali, bodza lonse poyera. Tinazimitsa kuwala kwa m'gemu, mbali zitatu za mtanda uliwonse n'kuzipaka mitundu yake yosasintha, kunsi kwa mapazi n'kuikako kadontho kakuda.

Tsiku limene landikhalabe mumtima ndi Lachinayi. Tinapatsa foni mayi wina amene sasewera magemu. Anazungulitsa chipilala cha m'gemumo ndi chala, mitanda ija n'kukumana bwinobwino, koma iwo anangoti duu.

"Achimwene, apa n'poyenda kapena maso anga?"

Sanagunde sikirini. Diso linali litavomera, koma mtima ukukana. Ine sindifuna wosewera azimva ngati tamutchera msampha. Ndimafuna aziona kuti njirayo waitulukira yekha. Tinaonjezera kaphokoso koti kha! mitanda ikakumana, komanso chipilala chizikhazikika chokha chikayandikira malo ake. Atayesanso anawoloka osafunsa, n'kubwerera kuti awolokenso akuseka.

Lachisanu linathera pa mafoni otchipa a Android. Pa ena pankaoneka kamzere kopyapyala ngati ulusi pomwe mitanda yakumana, ndiye ndinailowetsana pang'ono kuti kabisike. Lolemba likubwerali ndiyamba masitepe okwera osafika pamwamba.