Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kuperekeza a Madala

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe anandilemba ntchito ya umesenjala pa kampani ina mumzinda. Ntchitoyo inali ya miyendo. M'mawa ankandipatsa maenvelopu, ine n'kumazungulira m'maofesi, kusainitsa m'buku, kenako n'kubwerera kudzatenga ena. Masiku amenewo mukanandifunsa zimene zili mumsewu waukulu uja, ndikanangokutchulirani zikwangwani ndi manambala a zitseko.

Pa kampanipo panali bambo wina wachikulire amene ankalandira mafoni onse n'kumawalumikiza ku maofesi oyenera. Anali wosaona kuyambira ali mwana. Tonse tinkangowatchula kuti a Madala, ndipo iwo ankamudziwa munthu ndi kaponda kake asanatsegule n'komwe pakamwa. Mdzukulu wawo amene ankadzawatenga madzulo atapita kusukulu yogonera konko, abwana anandiitana n'kunena kuti poweruka ndiziwaperekeza mpaka pokwerera basi. Sindinakane, koma mumtima ndinang'ung'udza. Ndinali mnyamata wothamanga magazi.

Tisanatuluke pageti anandiuza malamulo awo. "Iwe usandigwire, mwana wanga, sindine mbuzi yoti uzindikoka. Wogwira mnzake ndine." Anagwira mkono wanga pamwamba pang'ono pa chigongono n'kutsalira pang'ono kumbuyo. Motero ine ndikakwera, ndikatsika kapena ndikakhota, iwo ankamvera padzanja phazi lawo lisanafike pamalopo. "Ukafika pa sitepe uziima kaye, undiuze ngati ndi yokwera kapena yotsika. Zinazo undisiyire."

Sitinapite patali, anayamba kundiuza za msewu womwe ine ndinkaupondaponda tsiku ndi tsiku. "Apa khoma latha, pali khomo lolowa mkati." Kuyang'ana, zoonadi, kakhomo ka geti la dzimbiri komwe sindinakaonepo chiyambire. Ankadziwa chifukwa cha kulira kwa ndodo yawo yoyera: pakhoma kugogodako kumabwerera msanga, pampata kumangosowa. Nyumba yoyang'ana kolowera dzuwa ankaidziwa ndi kutentha kochokera m'khoma lake. Pena ankati, "Amene anawaka apa anapendeketsa monyanya," ndipo ndi mmene ndinadziwira kuti njira ya oyenda pansi siikhala yathyathyathya. Amaipendeketsa dala pang'ono kulozera kumsewu kuti madzi a mvula azitsikira m'ngalande, ndipo msewu nawo amautukumula pakati pa chifukwa chomwecho.

Koma nkhani yaikulu inali ya zivundikiro zachitsulo zija zimatseka maenje a mapaipi ndi mawaya apansi. Kwa ine zonse zinali zofanana. Kwa a Madala chilichonse chinali ndi liwu lake. China chinkalira mogontha chifukwa dothi linali litadzaza pansi pake, china chinkamveka kuti pansi pali mphako yaikulu, moti mvula ikagwa unkamva madzi akuthamanga. Panali chimodzi chosakhazikika, ukachiponda chinkati gwede gwede, ndipo chimenecho ndicho chinkawauza kuti pangodya payandikira. Tsiku lina anaima pamwamba pake n'kundifunsa, "Tandiuza, iwe wamaso, n'chifukwa chiyani zambiri mwa izi n'zozungulira?" Ndinati mwina ankafuna zizioneka bwino. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundisiya ndigone nalo funsolo. Yankho anandipatsa mawa lake. Chivundikiro chozungulira sichingagwere m'dzenje lake ngakhale uchitembenuze bwanji, pomwe cha ngodya zinayi ukachiimika chopingasa chimatha kulowa n'kukaphwanya munthu amene akugwira ntchito pansipo. Komanso poti n'cholemera, chozungulira umangochigubuduza, ndipo pobwezeretsa suvutika n'kulunjikitsa ngodya. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerama n'kumawerenga zilembo za pamwamba pake. Zina zimanena kuti pansi pali madzi, zina zonyansa zochokera m'zimbudzi, zina mawaya a mafoni, ndipo zina zili ndi dzina la fakitale imene inazisula.

Madzulo ena tinapeza cha gwede gwede chija palibe, dzenje lili yasa. Wina wachifundo anali ataikapo tayala lakale. Anthu amaba zivundikirozi kuti akagulitse ngati chitsulo chakutha, ndipo mpaka lero wakuba wa mtundu umenewu sindimumvera chisoni ngakhale pang'ono, chifukwa dzenje losiyidwa choncho limadikira mwana, woledzera ndi wosaona. A Madala anangoyendetsa ndodo m'mphepete mwa tayalalo n'kunena kuti, "Aba chikwangwani changa."

Mizere yodula konkire m'mabokosimabokosi ankaimva ndi nsonga ya ndodo, kwe, kwe, kwe. Mmisiri wina amene tinam'peza akukonza njirayo anatiuza kuti konkire imanyala ikamauma ndipo imafutukuka kukatentha, choncho kung'aluka siilephera. Mizereyo amaidula kuti ming'alu idutse mmenemo m'malo mongoyenda chisawawa.

Kutsogolo kwa nyumba ina yatsopano anayala matailosi achikasu okhala ndi timabampu. A Madala atangopondapo anaima, n'kuyendetsa nsapato uku ndi uku. Anandiuza kuti amenewa ndi awo, a anthu osaona: okhala ndi mizere yaitali amati pitirira, njira ndi yomweyi, ndipo a timadontho amati chenjera, apa pali msewu kapena masitepe. Patapita zaka ndinawerenga kuti anawatulukira ndi munthu wa ku Japan, Seiichi Miyake, mu 1965, ndipo anayamba kuwayala mumzinda wa Okayama mu 1967, pafupi ndi sukulu ya osaona. Chikasucho n'chothandiza amene amaona pang'ono. Koma a mumsewu wathuwo ankatha pamtengo wa magetsi, ndendende pakati. Amene anawayala anaona ngati ndi zokongoletsa. "Akanandifunsa ine wapafupi pompano," anatero a Madala, tikulambalala mtengowo.

Ndinkadabwa kuti ndinkadutsa bwanji zonsezi maso ali gwa. Pali kafukufuku wodziwika amene Daniel Simons ndi Christopher Chabris anachita mu 1999. Anaonetsa anthu kanema wa magulu awiri akupatsirana mpira, n'kuwauza kuti aziwerenga kuti gulu limodzi lapatsirana kangati. Pakati pa masewerowo munthu wovala ngati gorila, mtundu wa anyani akuluakulu, anadutsa, kuima, kudziguguda pachifuwa, n'kumapita. Pafupifupi theka la oonerawo sanamuone. Nanenso ndinkawerenga manambala a zitseko.

Tsono a Madala sankapereka zaulere. Iwo akandiuza zapansi, ine ndinkayenera kubweza zam'mwamba. Apa ndiye panali ntchito. Ndikati, "Kuno kuli nyumba yokongola," ankandikoka mkono. "Kukongola ndi chiyani kwa ine? Mawindo angati? Otsegula ndi ati? Pakhonde ayanikapo chiyani?" Ndinayamba kukweza mutu. Ndinaona kuti nyumba zambiri zimasamalidwa pansi pokha pomwe pamafika maso a anthu, kumwamba utoto uli mbuu, ndipo pena pansi pa utoto watsopano pamaonekera zilembo za bizinesi imene inatha kalekale. Ndinkawawerengera zilembozo, iwo n'kumakumbukira zimene zinkachitika m'nyumbamo kale. Ndinawauza za kamtengo komera m'ngalande ya padenga, za nyale ya mumsewu imene inkayaka masana dzuwa lili phwee, za wotchi yaikulu yapakhoma imene inaima ndipo palibe ankaikwezera maso. Ndinawauza za nkhunda zondandalikana pamikombero ya mawindo apamwamba. Nkhunda za m'mizindazi makolo ake ankakhala m'matanthwe ataliatali, n'chifukwa chake zimakonda mikombero ya nyumba zosanja kuposa nthambi za mitengo.

Chimene chinawasangalatsa koposa ndi kanjira kodutsa pakapinga pangodya ina. Okonza mzinda anayala konkire mokhota bwinobwino, koma anthu anadula pakati mpaka udzu unatha, n'kutsala kanjira ka dothi kowongoka. Anaikapo chikwangwani choletsa, kanjirako kanangokhota pang'ono kulambalala chikwangwanicho. A Madala anafuna tidutsemo kuti akamve okha, ndipo tinadutsamo, ine ndikuyang'ana uku ndi uku kuopa mlonda.

Akandifunsa za anthu sankafuna kumva kuti wina ndi wamtali kapena wamfupi. Ankafuna ndiwauze wanyamula chiyani, akuyang'ana kuti, nsapato yatha mbali iti. Ndinaona mayi wina amene tsiku lililonse ankaima pagalasi la nyumba inayake kukonza kolala asanalowe, ndi bambo wina amene ankawoloka msewu kawiri pongofuna kupewa khomo lina lake. Za bamboyu tinakambirana ulendo wonse. A Madala ankati ndi ngongole, ine ndinkati ndi chibwenzi chakale. Amene amandifunsa kumene ndinaphunzira kulemba, ndi pamenepa: munthu wakugwira mkono, akufunsa "chiyaninso?" mpaka mawu ako opanda kanthu atatha.

Vuto linali lakuti chizolowezichi sichinkadikira madzulo. Masana ndili ndi maenvelopu m'manja ndinkapezeka ndaima, ndikuwerenga chivundikiro kapena kuwerengetsa mawindo kuti ndikawauze a Madala poweruka. Maulendo anga anayamba kutalika, ndipo buku losainira linkaonetsa nthawi bwinobwino. Lachisanu lina ndikungofika, sekilitale anati abwana akundifuna, ndipo ndipite ndi bukulo. Zimene tinakambirana mu ofesimo, ndi mmene a Madala analowererapo pafoni, ndidzafotokoza m'gawo 10.