Ndime imene inadza Uhud itatha

Mwezi uno ku madrasa kwathu tikuphunzira mbiri ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), ndipo Lachiwiri lapitali shehe anafika pa shura, kukhala upo musanagamule nkhani. Ndinakhala pamphasa ndikudziona ngati ndikuidziwa kale. Si zomwe agogo ankanena zija, kuti mutu umodzi susenza denga?

Zitsanzo zoyamba zinandivomereza. Pa nkhondo ya ku Badr mu 624, Hubab ibn al-Mundhir anafunsa Mtumiki ngati malo amene asilikali anaima anali lamulo la Allah kapena nzeru za nkhondo chabe. Atamva kuti ndi nzeru chabe, anati asunthire pafupi ndi zitsime, ndipo anasunthadi. Mu 627, Salman wa ku Persia ndiye anapereka ganizo lokumba ngalande yotchinga Madina. M'kope mwanga ndinalemba kuti: funsa anzako, upambane.

Kenaka shehe anabwerera m'mbuyo, ku nkhondo ya Uhud, mu 625. Akuraishi, adani a ku Makka, akubwera kudzaukira Madina, Mtumiki ankafuna kuti Asilamu akhale mumzinda n'kudziteteza momwemo. Achinyamata ambiri, makamaka amene sanapezeke ku Badr, anaumirira zotuluka. Iye anagonjera ochulukawo, nalowa m'nyumba kukavala zankhondo. Potuluka anapeza anthu aja achita manyazi, akuti tachita kukukakamizani, chitani zomwe mufuna. Iye anakana kuvula. Zomwe anagwirizana zinali zitagwirizanidwa. Tsiku limenelo oponya mivi anachoka paphiri pomwe anaikidwa, Maswahaba (otsatira a Mtumiki) pafupifupi 70 anaphedwa, mwa iwo Hamza, m'bale wa bambo ake a Mtumiki, ndipo Mtumiki mwini anavulala kumaso.

Apa shehe anatsegula Qur'an, Sura Al Imran ndime 159, nandiuza kuti, "Mwanangu, tawerenga." Ndimeyi inatsika nkhondoyo itatha. Ikuuza Mtumiki kuti awakhululukire, awapemphere chikhululuko, ndipo apitirize kukambirana nawo zinthu. Anthu omwewo, manda asanaume n'komwe! Ine ndikanayembekezera kuti auzidwe kuti basi, kuyambira lero uzigamula wekha.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi Abdullah ibn Ubayy, mmodzi mwa akuluakulu a ku Madina. Pa upo uja iye anali mbali imodzi ndi Mtumiki, ankafunanso kukhala mumzinda. Maganizo ake atagwa, anabwerera panjira ndi anthu pafupifupi 300 mwa 1,000, akudandaula kuti mawu ake sanamveredwe. Awiriwa anali ndi ganizo limodzi, ndipo onse anagonja pa zokambirana. Wina anavala zankhondo natsogolera chimene sanasankhe, winayo anatenga anthu ake n'kupita kwawo.

Nkhaniyi yandilasa chifukwa chaka chatha pamzikiti wathu tinakangana za ndalama zomwe tinasonkha. Ine ndinkati tikonze chitsime cha udhu (chosambirapo tisanapemphere), ambiri anati tigule malata. Malata anagulidwa, chitsime chinagumuka ndi mvula ya mu Januwale, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda ndi "ndinanena ine" pakamwa. Misonkhano iwiri yotsatira ndinajomba dala, ndipo mnzanga wina ndinamukopa kuti nayenso asapite.

Mzere uja wa m'kope ndaufufuta. Lachisanu ikatha Juma kuli msonkhano wina wa komiti, nkhani yake ndi chitsime chomwecho, ndipo mlembi ndamuuza kale kuti andilembe pa anthu okatuta mchenga.