Kulumikiza geti ku game port ya 486 popanda kuwotcha khadi

Pamene timachita lendi ku Turffontein, mu Joni, tilipo mabanja angapo a kumudzi, geti ndi limodzi, ndipo amalume amene amayang'anira pamalopo ankafuna kudziwa nthawi zimene limatsegulidwa usiku. Ine ndili ndi kompyuta yakale ya 486 yokhala ndi khadi la mawu la Sound Blaster, ndiye ndinawauza kuti, "Malume, musagule kanthu, makina awa akwanitsa."

Kumbuyo kwa khadilo kuli game port, soketi ya mabowo 15 imene IBM inayamba nayo mu 1981 polumikizira joystick. Mapini a mabatani ndi 2, 7, 10 ndi 14. Iliyonse imakhala pa 5V, ndipo ukaigunditsa ku ground (0V), pini 4 kapena 5, kompyuta imaona ngati batani ladinidwa.

Mapini ena ndi oti uwaope. Pa 1, 8 ndi 9 pamatuluka 5V, ndipo makadi ambiri akale alibe fyuzi pamenepo. Kachingwe kamodzi ka waya kakangokhudza ground, kanjira ka kopa pakhadi kamapsa, ndipo khadi lotere sulipezanso m'sitolo. Samalaninso ndi 12 ndi 15. Zojambula zakale zimati 12 ndi ground, 15 ndi 5V, koma pa makadi a mawu anazipereka ku MIDI, njira yolumikizira zida zoimbira. Ine sindinazikhudze n'komwe.

Ndinazimitsa kompyuta, kuzula pulagi kukhoma, n'kutenga pulagi yaimuna ya DA-15, ya mapini 15 yolowa mu game port. Manambala ake ndi ang'onoang'ono, olembedwa papulasitiki, ndipo ukaitembenuza kuti uwotcherere, kumanja kumasanduka kumanzere. Ndinawalitsa tochi ya foni, kenako pini iliyonse ndinaitsimikiza ndi mita. Mawaya awiri okha, pa 2 ndi pa 4, aliyense ndi kapaipi ka heat shrink kophimba powotcherera.

Tsono waya wochokera kugeti sindinafune kuti ufike pa pini mwachindunji, ngakhale switch wamba ikanagwira. Amene wakhala mu Joni nthawi ya mvula akudziwa mphezi za kuno. Waya wautali wodutsa pabwalo umatola magetsi ngakhale mphezi itagwa patali, komanso mota ya geti ili ndi 12V yake imene game port singaipirire. Pakati ndinaikapo optocoupler, PC817, kanthu kakuda ka miyendo 4 kochepa ngati njere ya chimanga. M'kati mwake muli LED mbali ina, transistor mbali ina, ndipo chimene chimawoloka ndi kuwala kokha.

Kugeti ndinamata maginito, pa chipilala reed switch, kaswitchi kamene kamalumikiza maginito akayandikira. 12V ya batire ya mota imadutsa pa switch, kenako pa resistor ya 1k, n'kulowa mwendo 1 wa PC817, pamene pali kadontho. Mwendo 2 umabwerera ku negative ya batire. Apa LED imalandira pafupifupi 10mA, zokwanira bwino. Ndinawonjezera diode ya 1N4148 moyang'ana chambuyo pakati pa miyendo iwiriyi, kuti wina akasinthanitsa mawaya LED isafe. Mbali inayo, mwendo 4 ku pini 2, mwendo 3 ku pini 4. Negative ya geti ndi ground ya kompyuta zisakumane paliponse, apo ayi optocoupler ija mwaiikira chabe.

Ndisanalowetse pulagi ndinayeza pakati pa mbali ziwirizi, mita inaonetsa kuti palibe njira. Ndinayezanso ngati pini 1 yakhudzana ndi inzake.

Mu QBasic, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndinalemba PRINT INP(&H201) AND 16 m'kati mwa lupu, kuti kompyuta iziwerenga pini 2 mobwerezabwereza. Geti lili chitsekere, 0. Amalume atadina rimoti, 16. Chondisangalatsa n'chakuti munthu akadula waya, imaonetsanso 16, ngati geti latseguka. Ndinawonjezera TIME$, yopereka nthawi, ndi mizere yolembera mu fayilo.

Chatsala ndi magetsi akathima: mota imayendabe pa batire, koma 486 imazima. Amalume alonjeza kuti tisonkherana kumapeto kwa mwezi tigule UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kosunga magetsi a kompyuta.