Banja langa linatha ine ndili kuphiri

Amene anandipalamulira zonsezi ndi alamu anga a ku Blantyre, ndipo mpaka lero akaimba foni amayamba ndi chikhakhali asanapereke moni. Iwowa ndi a gulu la anthu aja amene Loweruka likakwana amavala nsapato zikuluzikulu n'kukakwera mapiri popanda mbuzi imene yasowa kumeneko. Anandiponya m'gulu lawo la pa WhatsApp osandipempha, ndipo m'menemo ndi momwe ndinaona uthenga wakuti pakufunika anthu odzipereka okathandiza kukonza nyumba zogonamo anthu okwera phiri la Mulanje: kupaka penti, kukhomerera malata amene mphepo yasasula, kuchotsa ziwiya zotha ntchito ndi kukweza zatsopano. Malipiro palibe. Za thiransipoti aliyense adzionere yekha.

Ine ku Mulanje ndinapitako ndili pasukulu, tinangosamba pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerako. Za nyumbazi anandimasulira ndi alamu usiku wina mpaka mayunitsi awo kutha. "Alamu," anatero, "kumwamba kuja kulibe msewu. Bulangete lililonse limene mungalipeze ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila, ku Sombani kaya ku Madzeka, linakwera pamutu pa munthu." Anati nyumbazo zili m'manja mwa a zankhalango, ndipo pamakhala mlonda wowaza nkhuni ndi kutunga madzi, koma matilesi, mabulangete ndi ziwiya zina zimasungidwa m'timasitolo tokhoma ta Mountain Club of Malawi. Chiperoni chikatsika, chifunga n'kutseka njira, munthu sukhumba china koma denga losadontha ndi moto. Opita ku Sapitwa, pansonga penipeni pa mamita 3,002 paja, ambiri amayamba agona ku Chisepo. Tsono zinthu zimatha, ndipo wina ayenera kusenza zina.

Zonsezi zinali zomveka, koma si zimene zinandilembetsa dzina. Chinandilembetsa ndi munthu wina m'gulumo amene atamva kuti ndine wa ku Kasungu anafunsa ngati kwathu kuno kuli chokwera china kupatula chulu. Anthu anaika tinkhope toseka tambirimbiri. Ine munthu wosenza mabelo a fodya opita ku Chinkhoma chaka ndi chaka, wa mu ofesi azindiseka? Ndinayankha kuti andisungire katundu wolemera kuposa yense. Alamu anandilangiza kumbali kuti ndiyambe ndayeserera pa phiri lathu la Kasungu nditasenza katundu weniweni, miyendo izolowere.

Mudziwiretu kuti ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa akazi anga, mudzi wina kufupi ndi boma. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi limene yakhalapo si langa. Nkhani ya ku Mulanje ndinawauza amake mwana, ndipo ndikhoza kulumbira. Kungoti ndinawauza akuwerengera ndalama za banki m'khonde, kumene iwo ndi msungichuma, ndipo munthu akamawerenga ndalama amangoti "eya" pa chilichonse.

Lachisanu lina kunagwa maliro mudzi woyandikana nawo, iwo anakagona kusiwa. Ndinati mpata ndi womwewu. M'bandakucha ndinayalula bedi, kupinda matilesi, pakati kuikapo poto wamkulu, bulangete, hamala ndi nyali, n'kumanga zonse ndi malegeni a njinga. Ndinalawira dala kuti anthu asandione n'kuyamba mafunso. Mkamwini, kusanache, matilesi pamutu, akuyenda monyang'ama. Inu mwaona kale kumene zikupita. Ine ndinkangoona Sapitwa.

Nditangodutsa pa nkhokwe ndinakumana ndi apongozi aakazi akuchokera kumjigo. Iwo kumaliro sanagone chifukwa cha msana. Mwambo mukuudziwa, mkamwini saima panjira kumacheza ndi apongozi maso ndi maso. Ndinapatuka, kulowa m'mapesi, kunyonyomala katundu ali pamutu, n'kupereka moni chapansipansi. Iwo anatula ndowa. Anayang'ana matilesi, kuyang'ana mapesi amene ndakhalamo, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine, akamwini! Mpaka zafika pamenepa?"

Ndinayesa akunena za malirowo, ndiye ndinayankha mwaulemu wonse kuti, "Zimachitika mayi, tonse njira ndi yomweyi."

Wakabaza amene ananditenga anali chete njira yonse, ndipo pofika m'munsi mwa phiri anandibwezera theka la ndalama. "Sungani bambo, mufunika poyambira. Inenso zinandionekerapo, koma ine anandimana ndi supuni yomwe. Inu ndiye muli ndi mwayi, mpaka matilesi." Ndinathokoza, mumtima ndikuti anyamata a kabaza masiku ano akuleredwa bwino.

Phiri la Kasungu ukaliona uli m'tauni limaoneka lofatsa. Koma linaima palokha pachidikha, ndiye mwera yense wa mwezi wa July alibe pena pogunda kupatula pomwepo. Belo la fodya ndi lolemera inde, koma limakhala pamene waliika. Matilesi salemera, vuto lake ali ndi maganizo awoawo. Nthambi ikawakola kumanzere, mphepo ikuwakankhira kumanja, khosi langa lili pakati kuweruza. Mkatimo hamala ikugunda poto, ngwe, ngwe, ngwe, phazi lililonse. Komabe ndinkakwera. Nditacheuka ndinaona tauni yonse ili pansi, malata akunyezimira, minda yokolola kale itafiira mpaka kumene maso alekezera, ndipo ndinalakalaka munthu wa chulu uja akanandiona.

Pa thanthwe lina lopanda mtengo legeni limodzi linaduka, thwaa, n'kundikwapula khutu. Linzake linatsatira. Matilesi anatambasuka. Poto anatsika phiri yekha akuimba njira yonse, chivundikiro chake chinalowera kwina. Ine ndinagwira ngodya ziwiri za matilesi, mphepo inagwira zotsalazo, tinalimbirana mpaka ndinamva zidendene zikusiya mwala. Pamenepo ndinakumbukira kuti ndili ndi ana, ndinataya. Ndinawaona matilesi anga akukwera, kugudubuka m'mwamba, n'kukatera kuseri kwa chimwala china chakumunsi. Kuseriko kunamveka mfuu. Kenako zii. Kenako nthungululu.

Kunali amayi a mapemphero a kuphiri, amene anachezera komweko akusala kudya. Nditafika, ndili wefuwefu, khutu likuchucha magazi, ndinapeza mayi wina atagwada pa matilesi anga, manja m'mwamba, misozi ili mbwembwembwe, anzake atamuzungulira akuimba. Wina anandinong'oneza kuti mayiyo anakwera phiri ndi pempho la katundu wa m'nyumba, pakuti chikwatiwire amagona pamphasa. Ku Mulanje amati ukapeza chakudya chokonzakonza m'phiri ungodya osaitana mnzako, n'cha mizimu. Za matilesi ogwa kumwamba makolo sanasiye malangizo.

Ndinakhosomola. "Pepani amayi, matilesiwo ndi anga."

"Anali anu," anatero mtsogoleri wawo, mayi wamtali wa duku loyera.

"Angouluka ndi mphepo."

"Nanga mphepoyo waituma ndani?"

Ndikufunafuna yankho, mtsikana wina amene ndinamuzindikira kuti ndi wa m'mudzi mwathu anadzutsa maso pa foni yake, kundiyang'ana, kuyang'ananso foni. "Aaa! Si akamwini a kwathu awa? Amene athawa banja ndi ndalama za banki?"

Umu ndi mmene ndinamvera kuti banja langa linatha cha m'ma 6 koloko, ndipo pofika 8 koloko ndinali mbava. Amake mwana popita kumaliro anaopa kusiya ndalama za gulu m'bokosi, poti akuba amayambira pomwepo. Anatsegula zipi ya matilesi n'kuzilonga mkati. Pobwera m'mawa anapeza bedi lili mbee, mwamuna kulibe, poto kulibe, amayi awo ali pakhonde akulira kuti akamwini anena okha kuti tonse njira ndi yomweyi.

Mayi wogwada uja atamva kuti mkati mulinso ndalama anakweza nyimbo.

Ine anandiika pakati. Manja ambirimbiri pamutu panga, ena pakhutu lomwe likupwetekalo, akudzudzula mzimu wothawa banja, mzimu wa kuba, ndi mzimu wina umene sindinaumve dzina chifukwa cha phokoso. Ndikati ndifotokoze za ku Mulanje, mtsogoleri ankati, "Mwamva? Ukutchula kumene unachokera!" Mtsikana uja nayenso sanachedwe, anali atatumiza kale chithunzi changa kumudzi. Sipanapite nthawi tinamva mawu akukwera phiri: amayi a banki m'khonde, kumbuyo kwawo anyamata a chitetezo cha m'mudzi akulephera kuwapeza. Wapampando wawo, mayi wathupi, atavala masilipasi ndi chitenje cha kumaliro, anakwera mtunda umene unanditengera m'mawa wonse osapumira ngakhale pamodzi. Anthu ofunika ku Mulanje ndi amenewa, kungoti uwauze kuti ku Chisepo kuli munthu wa ngongole.

Za umwini wa matilesi zinathera pomwepo. Magulu awiri a amayi anayang'anizana, wina ndi nyimbo, wina ndi buku la masheya, ndipo buku linapambana. Matilesi anatsika phiri atanyamulidwa ndi amayi anayi, ine pambuyo ndi hamala ndi nyali yosweka galasi. Poto tinamupeza ndi ana oweta mbuzi, ataphwatalala mbali imodzi, ndipo anafuna ya maswiti asanamupereke.

Madzulo tinakhala pansi pa mango kwa apongozi: ankhoswe a mbali zonse, amayi a banki, ndi anthu ena amene sanaitanidwe koma anabwera ndi mipando yawo. Zipi inatsegulidwa. Ndalama zinawerengedwa, kuwerengedwanso, zinakwana ndendende. Amake mwana sanandiyang'ane n'komwe, maso ali otupa, mbali ina chifukwa cha maliro, mbali ina chifukwa cha ine.

Atsibweni awo, amene ndi nkhoswe ya kuchikazi, anandipatsa mpata. Ndinafotokoza mwatsatanetsatane za Chambe ndi Lichenya, za kusowa kwa msewu, za chiperoni chimene chikakupeza popanda pobisala ukhoza kufa ndi kuzizira. Iwo ankamvetsera akusenda nzimbe.

"Akamwini, nyumbazo ndi zanu?"

"Ayi, n'za aliyense wokwera phiri."

"Muli ndi m'bale kumeneko?"

"Ayi."

"Akupatsani zingati?"

"Palibe. N'zongodzipereka."

"Thiransipoti?"

"Yanga."

Anthu anang'ung'udza. Mlandu wa kuba unali utatha, koma ndinaona kuti ukuyamba wina, wa mutu.

Ndinadziteteza, ndipo mpaka pano ndimaona kuti mfundo yanga inali yolimba. Ndinati adzukulu amene anakumba manda m'mawa womwewo palibe anawalipira, amakumba podziwa kuti tsiku lina ena adzawakumbiranso. Nyumba ya kuphiri n'chimodzimodzi. Ukafika utanyowa n'kupeza denga labwino ndi poto wosabooka, n'chifukwa wina amene sudzamuona anatuluka thukuta. Achimwene anga aakulu, nkhoswe ya mbali yanga, anavomera ndi mutu. Atsibweni analavula nzimbe.

"Adzukulu amakumba kwawo, akamwini. Inu mukufuna mudutse Lilongwe, Dedza, Ntcheu mpaka Blantyre, mukakhome malata a anthu osawadziwa, pamene chigafa cha apongozi anu chinagwa ndi mvula ya February ndipo mumachilambalala tsiku ndi tsiku."

Achimwene anasiya kugwedeza mutu n'kuyamba kuyang'ana zala zawo.

Chigamulo sichinachedwe. Nkhuku imodzi kwa apongozi, yopepesera mawu a m'mapesi aja. Poto watsopano. Botolo la Fanta kwa mayi aliyense wa banki amene anakwera phiri, ndipo mwadzidzidzi anapezeka kuti anakwera onse. Kenako, poti ndine munthu wodzipereka, ndidzutse chigafa, ndifolere nkhokwe, ndimangenso bafa la apongozi. Misomali ndigule ndekha. "Thiransipoti apa palibe," anatero atsibweni, "ndiye mwapindula."

Usiku ndinaimbira alamu. Nkhani inali itawafika kale kudzera kwa mlongo wawo, ndipo ndinadikira kuti amalize kuseka ndi mayunitsi anga.

"Koma alamu, za matilesi anakuuzani ndani? Katundu wolemera amakweza ndi anyamata onyamula katundu a pa Likhubula. Ndi ntchito imene amadyera, timawalipira. Anthu oti chaka ndi chaka amachita kuthamanga m'phiri lomwelo pa Porters Race, inu mungalimbane nawo? Ife timangotenga chikwama ndi bulashi ya penti."

"Paja munati katundu weniweni."

"Ndimatanthauza mabotolo a madzi m'chikwama, alamu."

Dzina langa m'gulu muja sindinafufute, ndipo ku Mulanje ndipitabe ndikamaliza bafa. Amake mwana avomera, bola chikwama alongedze okha, ndipo ndinyamuke dzuwa lili pamutu, apongozi akuona. Munthu wa chulu uja tsopano amanditchula kuti woyendetsa ndege. Mayi wa kuphiri ndimakumana naye pamsika wa paboma, amagulitsa tomato. Alibe nane mangawa, amandiikira ndi basela yemwe. Kungoti akamandipatsa chenje amafunsa mokweza, anthu onse akumva, "Bambo, nanga matilesi athu aja akukugonetsani bwino?"