Sikelo yonena zoona ikakhala yopanda kanthu

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikugona mochedwa moti mayi akunyumba anachita kundifunsa kuti kodi bambo pa laputopupo pali ndani kwenikweni. Ndinawauza kuti ndikuunika khodi, zolemba zimene zimapanga pulogalamu ya kompyuta, ya anthu ena a kunja, iwo nkuti oho, akulipirani zingati? Ndinati palibe. Anangoti "mmm" basi nkutembenukira kukhoma, ndipo mmm ameneyo amene muli pabanja mukumudziwa.

Nkhani yake ndi iyi. Pali magazini ina ya pa intaneti yotchedwa Journal of Open Source Software, ambiri amangoti JOSS, inayamba mu 2016. Simagazini ngati tinazolowera ku koleji aja oti munthu ulembe masamba 30 kenako udikire chaka osadziwa amene akukuwerenga. Kumeneku chimene amaunika ndi pulogalamu yeniyeniyo, pepala limangokhala lalifupi lofotokoza kuti chinthuchi nchiyani ndipo chikufunika kwa ndani. Zonse zimachitikira poyera pa GitHub, webusaiti imene anthu amasungapo khodi yawo, dzina lako likuoneka, la wolemba likuoneka, aliyense wodutsa atha kuwerenga mmene mukukanganirana. Wolemba salipira kalikonse, wounika nayenso salandira kalikonse. Ine ndinalembetsa dzina langa kalekale ngati munthu wotha kuthandiza pa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi masamu, nkuiwalako, ndiye tsiku lina ndili mu minibasi yochokera mtauni kupita ku 25 foni inangoti ngwee, mkonzi wina wanditchula kuti kodi mungaunike iyi? Ndinavomera tili pa Area 18 pomwepo ndisanaganize nkomwe za bandulo.

Pulogalamu yake sinditchula dzina, ngakhale eni ake, chifukwa sindikufuna zioneke ngati ndikuwanyoza, anyamata aja agwira ntchito yabwino ndithu. Ntchito yake ndi yoyesera ma algorithm a optimization, ndiye kuti njira zimene kompyuta imatsata pofunafuna yankho. Kwa amene mawuwa akukusokonezani, optimization ndi kufunafuna pamene chinthu chikutsika kwambiri kapena kukwera kwambiri. Mwachitsanzo mukuweta nkhuku za broiler ku Kawale uko, muli ndi madeya, soya, usipa wogaya, laimu, mukufuna musakanize mwanjira yoti nkhuku zikule koma ndalama ichepe, amenewo ndi masamu omwewa. Kompyuta siona dera lonse, imakhala ngati munthu amene ali padambo usiku wamdima akufuna potsikitsitsa, amangopondaponda nkumamva kuti apa pakutsetsereka chakuti, nkusuntha. Njira zopondera zilipo zambirimbiri, Nelder-Mead ya mu 1965, BFGS ya mu 1970, ndi zina zatsopano zimene zimatuluka mwezi uliwonse aliyense akuti yangayi ndiye yothamanga. Ndiye kuti tidziwe akunama ndani pamafunika madambo oyeserera amene yankho lake tikulidziwa kale. Pulogalamu imene anandipatsayo ndi thumba la madambo amenewo.

Madambo amenewa pa masamu timawatcha ma function, ndipo lotchuka kwambiri ndi function ya Rosenbrock, Howard Rosenbrock anailemba mu 1960. Ukaijambula imaoneka ngati chigwa chopindika ngati nthochi, kulowa mchigwamo nkosavuta koma kuyenda mkatimo mpaka kukafika pansi penipeni ndiye ntchito, chifukwa mmbali ndi motsetsereka kwambiri pamene pakati pali ngati pathyathyathya. Yankho lili pa x = 1, y = 1 ndipo pamenepo mtengo wake, nambala imene function imatulutsa, ndi 0. Mwamwambo anthu amayambira pa x = -1.2, y = 1 pamene mtengo wake ndi 24.2. Mu 1981 Moré, Garbow ndi Hillstrom anasonkhanitsa ma function 35 oyesera ngati amenewa, mpaka lero anthu akugwiritsabe ntchito, kenako kunabwera matumba akuluakulu ngati CUTEst imene ili ndi mavuto oposa 1000. Chonchotu amene akulemba thumba latsopano sakuyamba pa tchire ayi, pali poyerekezera.

Ukavomera, kaloboti kawo kotchedwa editorialbot kamakupangira mndandanda wa timabokosi toti uzichonga. Layisensi ilipo ndipo ndi yovomerezeka? Chinthucho chikulowa mu kompyuta ukatsatira malangizo awo? Chikuchita zimene akunenazo? Ma test, timapulogalamu toyesa ngati khodi ikugwira bwino, alipo? Munthu wofuna kuthandiza kapena kudandaula apite kuti? Zambiri mwa izi ndinadutsa msanga. Layisensi inali MIT, bho. Pa kuinstola ndi pamene ndinayamba kutuluka thukuta, chifukwa kapulogalamu kakang'onong'ono koma kamakoka zinthu zina zolemera zojambulira ma graph zimene sindimazifuna nkomwe, bandulo yanga ya sabata inatha usiku umodzi, mawa lake magetsi anapita cha mma 5 madzulo batire ya laputopu yanga nayonso ndi ya mphindi 40 basi. Ndinawalembera kuti zolemerazo azipatule, wofuna aziika yekha. Anavomera tsiku lomwelo nkunena kuti sanaganizepo, ndipo ndikuwakhulupirira, munthu amene ali pa intaneti ya yunivesite yosawerenga ma megabyte angaganize bwanji zimenezo.

Koma chimene chandipangitsa kulemba zonsezi ndi ma test.

Ndinawayendetsa onse, onse anadutsa, zobiriwira zokhazokha. Kunena zoona chala chinali chitafika kale pa kabokosi. Kungoti tulo tinali tisanabwere ndiye ndinati nditsegule ndione kuti ma test amenewa akuyesa chiyani. Function iliyonse mmenemo imabwera ndi gradient yake, ndiye kuti kachidutswa kamene kamauza algorithm kuti pamene waimapa pakutsetsereka chakuti ndipo motani. Test yawo inali yoti pita pa yankho, werengera gradient, ikakhala 0 ndiye kuti zili bwino. Function iliyonse chimodzimodzi. Pa yankho pokha basi.

Apa ndinakumbukira amalume anga a ku Mitundu. Nyengo yogulitsa soya mavenda amabwera ndi masikelo awo opachika pamtengo aja, ndipo venda asanapime amakuonetsa kuti onani bambo, muvi uli pa ziro, palibe chinyengo. Amalume amangoseka. Amati mphwanga, sikelo iliyonse imanena zoona ikakhala yopanda kanthu, bodza limayamba thumba likakwera. Iwo amanyamula mwala wawo wina umene anaupimitsa kale pa sikelo imene amaikhulupirira, amati tayambani mwapachika uwu. Venda wina amakwiya nkumati mukutitenga ngati akuba, wina amangopachika.

Ndiye nane ndinatenga mwala wanga. Rosenbrock ndi 100 kuchulukitsa (y - x²)² kuphatikiza (1 - x)². Ukaiwerengera pamanja, mbali ya x ya gradient imakhala -400x(y - x²) - 2(1 - x). Ndinatenga pepala la risiti ya magetsi limene linali patebulo, kumbuyo kwake, nkuika x = -1.2 ndi y = 1, zinandipatsa -215.6, mbali ya y -88. Kufunsa pulogalamu ija, ikuti -110 ndi -88. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, mwina calculus yanga yachita dzimbiri, ndinabwereza kawiri. Kenako ndinayerekeza ndi rosen_der, gradient ya Rosenbrock imene ili kale mu SciPy, thumba lodziwika la zida za masamu za Python, nayo -215.6. Kutsegula khodi yawo, pamene payenera kukhala 400 analemba 200. Kachilembo kamodzi. Ndipo pa yankho paja, pa 1 ndi 1, y - x² ndi 0, ndiye kaya uchulukitse ndi 200 kaya 400 kaya nambala ya foni ya agogo ako, yankho ndi 0 basi, test ikudutsa ikumwetulira.

Mwina wina akuti nanga vuto lake ndi lalikulu bwanji. Taonani, mu malangizo awo munali tebulo loyerekeza njira zingapo. Nelder-Mead sigwiritsa ntchito gradient, imangoyang'ana mitengo ya function basi, ndiye iyo cholakwikachi sichimaikhudza. BFGS imadalira gradient pa sitepe iliyonse, ndiye inkapatsidwa mapu abodza, pa makina anga inkazungulirazungulira kenako nkuima ndi uthenga uja wa SciPy wodandaula za precision loss. Pa tebulo lawo zinkaoneka ngati Nelder-Mead yaposa BFGS pa Rosenbrock, ndipo munthu wosadziwa akanangokopera nkuika mu thesis yake. Pulogalamu wamba ikalakwitsa imapweteka amene akuigwiritsa ntchitoyo, koma iyi ntchito yake ndi kuweruza anzake, ikapendekeka imanamizira njira zimene zilibe mlandu.

Kulemba ndemangayo kunanditengera nthawi kuposa kupeza cholakwikacho, kkkk. Ife a kuno mukudziwa mmene tinaleredwera, munthu wamkulu wophunzira sumamuuza pagulu kuti mwalakwitsa, umazungulira kaye, umayamba ndi kupepesa, mwina ndine amene sindikumvetsa, mwina kompyuta yanga. Ndinalemba ndime yonse yopepesa. Ndinamuonetsa mnzanga wina amene timagwira limodzi ntchito za data, tikudya chipisi pa chiwaya nthawi ya lanchi, anawerenga nkuti aise, ukupepesa chani apa, 400 ndi 400 kaya uli ku Lilongwe kaya uli ku Zurich, fufuta zonsezi ungoika manambala. Ndinafufuta. Ndinasiya mizere inayi yokha, malo amene ndayesa, zimene ndimayembekezera, zimene ndapeza, mzere wa khodi umene ndikuukayikira. Ndinawonjezera kuti test iziyesa pamalo angapo osankhidwa mwachisawawa, nkumayerekeza gradient yolembedwa pamanjayo ndi ya finite difference, kuja kosuntha x pang'onong'ono nkuona function yasintha bwanji. SciPy ili nako kale kachida kake, check_grad. Pongofunika kusamala kuti kasitepeko kasachepetsetse, chifukwa kompyuta imasunga manambala pafupifupi madijiti 16 okha, ndi chifukwa chake mukalemba 0.1 + 0.2 mu Python imakupatsani 0.30000000000000004, ndiye anthu amatenga kasitepe ka cha mma 1.5e-8 ndipo test isafune kuti zifanane ndendende, ingolola kusiyana pang'ono. Komanso aike seed, nambala yoyambira posankha mwachisawawa, kuti malo achisawawa aja azikhala omwewo nthawi zonse, apo ayi test idzadutsa Lolemba nkugwa Lachiwiri anthu nkumasakana mfiti.

Ndinatumiza cha mma 11 usiku mtima ukugunda ngati ndaponya mwala padenga la a mfumu. Mmawa ndinapeza ayankha kale, mawu ochepa, zikomo, wagwira zenizeni. Ataika test yatsopano ija inagwiranso function ina imene chizindikiro chinatembenuka, pa minus panali plus, imene ine sindinaione nkomwe.

Sikuti zonse ndinapambana ayi. Ndinadandaulanso kuti ma function awo ambiri, Rastrigin, Ackley, sphere, yankho lake lili pakatikati penipeni pa 0, ndiye algorithm imene ili ndi chizolowezi chothamangira pakati imaoneka yanzeru pamene yangochita mwayi. Gulu la COCO, pulogalamu ina yoyerekezera ma algorithm ya Nikolaus Hansen ndi anzake, mu thumba lawo la ma function 24 lotchedwa BBOB amasuntha yankho kulichotsa pakati ndipo ambiri amawazunguliza dala pofuna kutseka khomo limenelo. Ndinati nanunso chitani choncho. Eni ake anakana mwaulemu, akuti cholinga chawo ndi kupereka ma function mmene alili mmabuku, osati kupikisana ndi COCO. Wounika mnzanga, amene sindikumudziwa nkomwe koma ndikuganiza ali mbali ina ya dziko chifukwa amayankha ine ndili mtulo, anagwirizana nawo. Mkonzi anati alembe chenjezo mu malangizo, zikwanira. Mpaka pano ndikuonabe kuti kusuntha yankho ndi mizere khumi yokha ya khodi ndipo akanangochita, koma pulogalamu ndi yawo, ine anandiitana kudzaunika osati kudzamanga nyumba yanga pa puloti ya eni.

Chinthu china chimene sindinachiyembekezere ndi chakuti ndaphunzira zambiri powerenga khodi yawo kuposa maphunziro a pa intaneti amene ndinalipira chaka chatha. Mmene anakonzera mafayilo, mmene ma test amayendera okha pa GitHub Actions munthu akangosintha kanthu, ndakopera kale zina ku ntchito. Ndiye mayi akunyumba akafunsanso za malipiro ndili ndi kayankho, ngakhale ndikudziwa kuti ku golosale sakalandira.

Dzulo atumiza tebulo lokonzedwa. BFGS yabwerera pamalo pake, pa Rosenbrock ikufika pa yankho ndi masitepe makumi angapo chabe, Nelder-Mead ikubwera pambuyo. Ndachonga kabokosi ka ma test ndi ka functionality. Kwatsala ka malangizo, chifukwa chitsanzo chawo chachiwiri chikugwabe pa laputopu yanga ya Windows, nkhani ya ma slash mu dzina la foda, ndawalembera. Zikatheka ayika zonse pa Zenodo, malo osungira ntchito za kafukufuku pa intaneti, alandire DOI yawo, nambala yokhazikika yozindikirira ntchitoyo. Loweruka ndikupita ku Mitundu kukatenga ufa, ndikawauza amalume kuti mwala wawo uja wagwira ntchito kunja, ngakhale ndikudziwa adzangondifunsa kuti anthuwo akugula soya pa mtengo wanji.